Chala cha a Halo

Dzina lawo lenileni linalembedwa pa chitseko cha ofesi, koma utoto unasuluka kalekale, ndipo tauni yonse inkawadziwa kuti a Halo. Ngakhale akazi awo, akapsa mtima, ankawaitana choncho. Dzinali linachokera kuntchito. Iwo anali a wailesi ku Nthambi ya Madooko, ndipo mawu oyamba otuluka pakamwa pawo akangokhala pampando anali omwewo: halo, halo.

Analowa ntchito nthawi imene mtsinje unkawolokedwa pa chombo. Magalimoto ankandanda tsidya lino ndi tsidya linalo, chombo chinkayenda pa chingwe chachitsulo, ndipo wailesi ndiyo inkauza woyendetsa ngati madzi akwera kumtunda, ngati kukubwera mitengo yokokoloka, ngati pali wodwala wofunika kumudumphitsa mzere. Amene anawaphunzitsa anali mkulu wina wogontha khutu limodzi, wa lamulo limodzinso: khutu kaye, chala pambuyo. Usanadine batani lolankhulira, uzimvetsera ngati mnzako ali kale pamzere. Akaona chala chikuthamangira batani, ankachimenya ndi rula.

A Halo anakwatira mtsikana wogulitsa matikiti padooko, anapatsidwa nyumba ya nthambi ya zipinda ziwiri yoyang'ana kumtsinje, anabereka ana, anadzala mapapaya kuseri. Kenako boma linamanga mlatho.

Tsiku lotsegulira mlathowo akuluakulu anadula riboni, nayamikira chombo chifukwa cha utumiki wake wautali. Chombocho anachikokera kumtunda kumene chili mpaka lero, nkhuku zikuikira mazira m'chipinda cha injini. Aliyense ankayembekeza kuti Nthambi ya Madooko itsekedwa. Koma kutseka nthambi kumafuna komiti, komiti imafuna malipoti ochokera ku nthambi yotsekedwayo, ndipo nthambi imene ikulemba malipoti ndiye kuti ikugwira ntchito. Anthu anachoka mmodzimmodzi, ena popuma, ena pomwalira, mpaka munatsala awiri: Bwana ndi a Halo. Pakati pa maofesi awo panali khoma la matabwa opyapyala, loti wina akayetsemula mnzake ankati pepani.

Ntchito ya a Halo sinasinthe. M'mawa ankatsikira kudooko, n'kuona pamene madzi afika pa mtengo wolembedwa mizere, n'kukwera ku ofesi kukaulutsa. Halo, halo, madooko onse, madzi ali m'munsi mwa mzere wofiira. Palibe ankayankha. Poyamba ankamvetserabe asanadine, mwachizolowezi. Patapita zaka anasiya, pakuti munthu sagogoda pakhomo la nyumba yake yomwe. Kachitsulo kokwezera mawu obwera anakatsitsa mpaka kumapeto, fumbi n'kumangapo mudzi.

Chimene chinasokoneza ukalamba wawo chinachokera kumsewu. Magalimoto anayamba kulankhulana okha. Basi, lole, ambulansi, iliyonse anaiika kabokosi kamene kamauza tinzake kuti ndili pano, ndikuthamanga chotere, ndaponda buleki. Pa dashibodi anaikapo kagalasi koonetsa magalimoto ena ngati timadontho, ngakhale ali kuseri kwa phiri. Vuto linali malo olankhulira. Mumlengalenga muli njira za mawu, matchanelo, ndipo onse anali atagawidwa kale kwa eni ake, ambiri mwa iwo osalankhula. Bungwe logawa matchanelo linaganiza mwanzeru, zimene zimachitika nthawi zina. Linalola timabokosi kubwereka tchanelo chilichonse chimene chili zii, koma mwa pangano lakuti mwini wake akangotsokomola tonse tichokepo, ndipo tisabwerere msanga, tidikire kaye mwina ali ndi mawu ena. Timabokosito tinapangidwa kuti tizimvetsera tisanalankhule ndi kusinthana mpata, pasakhale kamodzi kolanda bwalo ngati woledzera pamsonkhano.

Panali ndime inanso, ndipo Bwana anaiona msanga, poti pa ndime zogwedeza mipando maso awo sankafuna magalasi. Mwini tchanelo akakhala chete nyengo yaitali, tchanelocho chimalandidwa n'kuperekedwa kwa magalimoto kotheratu. Tsono Nthambi ya Madooko inalibe dooko, inalibe chombo. Chimene chinatsala m'dzina lake chinali tchanelo basi. Bwana anaitana a Halo nawafotokozera kuti kuyambira tsopano aziulutsa kawiri, m'mawa nthawi ya tiyi ndi masana asanaweruke, ndipo asamafupikitse. Akatha za madzi awerenge za nyengo. Akatha za nyengo awerenge malamulo a okwera chombo, onse, kuphatikizapo loletsa mbuzi kuima kutsogolo.

"Tchanelo chikapita, mpando wanu wapita," anatero Bwana. "Ine adzandipezera pena, ndili ndi mapepala. Inuyo ndi nyumba ija, sindikudziwa."

Tinene zoona, a Halo anasangalala. Panali patapita zaka zambiri chiwauzireni kuti mawu awo akufunika. Anagula timaswiti ta pakhosi. Malamulo a chombo ankawawerenga modekha, mopumira, lamulo lililonse kulipatsa ulemu wake, ndipo pa la mbuzi ankatsitsa mawu pang'ono kuti limveke kuti si nthabwala.

Mwana wawo womaliza, amene aliyense ankangomutchula kuti Mzime, ankayendetsa basi pa msewu wa kuphiri. Msewuwo umayambira pamlatho n'kukwera mokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho, ndipo pali pena popindika kwambiri, pamene madalaivala amati pachigongono, poti magalimoto aakulu awiri sangadutsanepo. Loweruka lina Mzime anabwera kudzaona makolo. Ali pakhonde akudya papaya, anadandaula kuti makina a masiku ano atengera antchito a boma. M'tauni, anafotokoza, kabokosi kali ndi matchanelo ambiri othawirako, koma kuseri kwa phiri kumafika chimodzi chokha, chakalekale, chimene mawu ake amatha kuzungulira matanthwe. Ndiye m'mawa ndi masana timadontho tonse timangozima. M'munsi mwa kagalasi mumatuluka timalemba tonena kuti mwini tchanelo akulankhula, tating'ono kwambiri, toti munthu wogwira chiwongolero pa msewu wotere alibe maso otiwerengera. Madalaivala ankati makina apita kukamwa tiyi. Nthawi imeneyo ikakupeza pachigongono, umayenda ndi hutala ndi pemphero.

"Mwini wakeyo ndikanamuona," anatero Mzime, "ndikanamufunsa kuti amalankhula chiyani chosatha chonchi. Kaya amalalikira."

A Halo anayang'ana papaya lawo. Akazi awo anayang'ana a Halo.

"Amawerenga za mbuzi," anatero mayiwo, natolera mbale n'kulowa m'nyumba.

Mzime anaseka mpaka kutsamwa, kenako, atayang'ana bambo ake, anasiya kuseka. Sanawapemphe kanthu. Ankadziwa mwini wa nyumba imene anakuliramo, ankadziwanso kuti bambo ake ntchito ina saidziwa. Anangoti, "Musadandaule Ababa, tinazolowera," ndipo mawu amenewo ndi amene anawasowetsa mtendere.

Anaganiza ngati kholo. Lamulo la Bwana linati kawiri pa tsiku, ndipo tiyi ndi chinthu chotheka kusuntha. Pawindo la ofesi yawo mlatho unkaonekera bwino. Anayamba kudikira: akaona basi yobiriwira ya Mzime yatsika phiri n'kuwoloka, m'pamene ankadina batani. Basi ikachedwa nawonso ankachedwa, ikafulumira ankafulumira. Bwana sanaone cholakwika, malinga mawu akumveka kuseri kwa khoma. Mzime anati kagalasi kake kachira. A Halo anayenda masiku amenewo ngati munthu amene wazembera lamulo osaliphwanya, chimene chili chimwemwe chachikulu cha wantchito wa boma aliyense.

Aneba awo ankayendetsa lole ya mkaka pa msewu womwewo. Tsiku lina, dzuwa lili pamutu, anakumana ndi lole ya simenti pachigongono. Pokhala ndi thanthwe kudzanja lina ndi phompho kudzanja linalo, anasankha thanthwe. Palibe anafa. Mkaka unayenderera m'ngalande mpaka agalu a kumunsi anatsegula m'mimba, ndipo aneba anathyoka mkono.

A Halo anapita kuchipatala atanyamula nthochi. Anawapeza aneba ali tsonga pabedi, mkono uli m'chikhakha, akufotokozera odwala anzawo ngoziyo, amene mwa maonekedwe anali ataimva kale.

"Achimwene, makina kuzima si nkhani," anatero aneba. "Tonse tinkadziwa nthawi yake. Tiyi akakwana umatsitsa giya, umaliza hutala, umayenda ngati kale. Koma masiku ano tiyi wake alibe nthawi. Ndinayang'ana kagalasi, mulibe dontho, ndinati msewu ndi wanga. Kodi munthu amasintha nthawi ya tiyi osauza anzake?"

A Halo anavomereza kuti si ulemu. Nthochi anazisiya pa kakabati, natuluka.

Kunyumba akazi awo sanatchule mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ngakhale unali kuonekera m'maso. Anangoti lole ya mkaka ilibe bambo woiyang'anira pawindo.

Lolemba a Halo anagogoda kwa Bwana. Bwana sanali munthu woipa mtima. Anamvetsera nkhani yonse, anapukusa mutu pamalo oyenera, anafunsa ngati mkonowo ndi wamanja. Kenako anafotokoza kuti ngozi za pamsewu ndi za Nthambi ya Misewu, pomwe iwo ndi a m'madzi. A Halo anafunsa ngati angamalankhule mwachidule. Bwana anati wolankhula mwachidule amaoneka ngati alibe chonena, ndipo wopanda chonena amalandidwa tchanelo. A Halo anafunsa ngati angakambirane ndi a bungwe, kuti mwina pakhale njira yogawana.

"A Halo," anatero Bwana motsitsa mawu, "nthambi ngati yathuyi imakhala moyo chifukwa choiwalika. Mukapita kukadzikumbutsa, mwaponda mchira wa galu wogona. Bwererani ku nthawi ya tiyi, nkhani ithe."

Malangizowo sanali opusa, ndipo a Halo anawaganizira. Akabwerera ku nthawi ya tiyi, madalaivala a m'tauni adziwanso poyambira kuliza hutala. Koma Mzime abwereranso ku pemphero, ndipo wa lole ya simenti uja anali mlendo wochokera kutali, wosadziwa tiyi wa munthu aliyense. Alendo otero ankawoloka mlatho tsiku ndi tsiku.

Atabwerera m'chipinda chawo anachita chimene anali atachisiya kalekale: anapukuta fumbi pa kachitsulo ka mawu obwera n'kukakweza. Ankayembekeza kumva mphepo. Anamva ngati dambo nthawi ya mvula, timaliralira tafupitafupi tambirimbiri, kena kakatha kena n'kuyamba, osapondana. Anamvetsera nthawi yaitali. Kenako anadina batani osanena kanthu, nalisiya. Zii. Dambo lonse linali litatseka pakamwa chifukwa cha chala chawo. Anadikira, anadikira, mpaka kamodzi kanayesa mwamantha, kena n'kuyankha, kenako tonse.

Anakumbukira rula ya mkulu wogontha uja. Timabokosi topanda makolo tinkasunga lamulo la khutu kaye. Amene analiphunzira ndi zala zotupa ndiye anali atalitaya.

Ataweruka anauza akazi awo chimene akufuna kuchita, ndi chimene chidzatsatire. Mayiwo anali akusita malaya a mawa. Anafunsa ngati kwa Mzime kuli malo a nkhuku. Atamva kuti alipo pang'ono kuseri kwa bafa, anati mapapaya adzadzala ena, natembenuza malaya kusita kolala.

M'mawa mwake a Halo anatsikira kudooko monga mwa masiku onse, anaona madzi, anakwera ku ofesi. Nthawi ya tiyi itakwana anaika kaswiti m'kamwa, ananyamula cholankhulira, naika chala pambali pa batani. Halo, halo, madooko onse. Anawerenga za madzi, za nyengo, malamulo onse mpaka la mbuzi. Kagetsi kofiira kosonyeza kuti mawu akutuluka sikanayake. Kuseri kwa khoma Bwana ankamva zonse, ndipo poweruka anawayamikira kuti mawu awo akumveka amphamvu kuposa kale.

Anachita choncho nyengo yonse ya mvula, osajomba. Anapeza kuti ntchito sinasinthe kwenikweni. Kale ankalankhula kwa anthu omwe kulibe, tsopano anali ndi womvera mmodzi, ndipo anali bwana, zimene ambiri m'boma amafa asanazione. Chovuta chinali kunyumba. Denga litayamba kudontha pakona, anakwera kukamata, ali pamwamba n'kudzifunsa kuti akumatira ndani. Anamatabe. Mzime anabwera Loweruka lina n'kunena kuti makina asiya kuzima, ndipo anawayang'ana bambo ake nthawi yaitali. Iwo anamufunsa za matayala.

Mvula itakata kunabwera injiniya wa ku bungwe logawa matchanelo, mayi wachitsikana wonyamula kachikwama ka zipangizo. Anafotokoza mwaulemu kuti makina awo omvetsera sanamve kanthu kuchokera ku Nthambi ya Madooko nyengo yonseyi. Iye wabwera kudzatsimikiza asanalande tchanelo, chifukwa ngati wailesi inawonongeka, lamulo limapereka nthawi yoikonza ndipo mwini salandidwa.

Bwana anaimirira. Anati makina a bungwe ndi amene ayenera kukonzedwa, pakuti iwo eni ake, ndi makutu awoawo, akhala akumva kuulutsa tsiku lililonse, ndipo akhoza kulakatula malamulo a chombo pamtima ngati mayiyo akufuna. Mayiyo sanafune. Onse atatu analowa m'kachipinda ka wailesi, ndipo Bwana analamula a Halo kuti aonetse mlendo mmene ntchito imayendera.

A Halo anakhala pampando, ananyamula cholankhulira, naika chala pamalo pake pa masiku onse. Anayamba ndi halo, halo. Bwana ankagwedeza mutu monyadira, akuyang'ana injiniya. Injiniya ankayang'ana kagetsi, kenako chala. Atafika pa za nyengo anawapempha cholankhuliracho, nadina batani. Kagetsi kanayaka. Analisiya msanga ngati lotentha.

"Bambo," anatero, "mwina batanili limakakamira nthawi zina? Mabatani akale amatero. Mukanena kuti limavuta, ine ndilemba kuti ndi vuto la makina."

Khomo lothawira linali lotsegula, ndipo a Halo analiona. Bwana nawonso analiona, moti anayamba kutsokomola mowalimbikitsa. Pawindo lole ina inali kuwoloka mlatho kulowera kuphiri.

"Batani ndi labwino, mayi," anatero a Halo. "Ndimalipukuta ndekha."

"Ndiye chavuta n'chiyani?" anafunsa Bwana.

"Chala, bwana. Chinaphunzitsidwa kudikira kuti pamzere pasakhale munthu. Mpata sunapezeke."

Injiniya anatseka kachikwama kake. Bwana anakhala pa tebulo, chinthu chimene anali asanachitepo mu ofesi ya wantchito wawo, ndipo patapita kanthawi anafunsa ngati ndiye kuti nyengo yonseyi malamulo a mbuzi ankawerengedwera iwo okha. A Halo anati ankawerengedwera aliyense womva.

Tchanelo chinaperekedwa kwa magalimoto. Nthambi ya Madooko sinatsekedwe, monga ena angaganizire. Inasinthidwa dzina n'kukhala Nthambi Yoona za Kutsekedwa kwa Madooko, ndipo Bwana ndi amene akuitsogolera, pokhala munthu woidziwa nkhaniyo kuyambira pachiyambi. Mpando wa wailesi ndi umene unachotsedwa, ndipo nyumba ija inafunidwa kuti isungiremo malipoti. Panachitika mwambo wotsanzikana wa anthu awiri. Bwana analankhula bwino. Anati pa zaka zonse zimene agwira ntchito limodzi, mawu a a Halo sanajombepo tsiku, ndipo iwo ndi mboni.

Tsiku losamukira kwa Mzime aneba anabwera ndi lole yawo osapemphedwa. Mkono unali utachira, kungoti sunkawongoka bwino. Kaya ankadziwa amene anasuntha tiyi, a Halo sanafunse, ndipo aneba sananene. M'tauni yaing'ono zinthu zambiri zimadziwika popanda wozitchula. Anakweza mabedi, kabati, mbande za mapapaya m'zitini, katundu yense n'kumanunkha mkaka. A Halo ndi akazi awo anapanikizana kutsogolo, dengu la nkhuku lili pamiyendo.

Powoloka mlatho a Halo anasuzumira kudooko, naona mtengo wa mizere.

"Madzi ali m'munsi mwa mzere wofiira," anatero.

"Mukuuza ndani?" anafunsa akazi awo.

Aneba anati iwo amva, ndipo athokoza.

Anayamba kukwera phiri dzuwa litakwera, nthawi imene maofesi amamwa tiyi. A Halo sankayang'ana msewu, ankayang'ana kagalasi ka pa dashibodi, kamene anali asanakaonepo pafupi. Atayandikira pachigongono panaoneka kadontho kakutsika kuseri kwa thanthwe, pamene maso ankaona msewu wopanda kanthu. Aneba anatsitsa giya, nakhotera pambali pamalo otakasuka, nadikira. Basi yobiriwira inatulukira pang'onopang'ono, yodzaza anthu. Mzime anaona kabati ya makolo ake ili chagada pamwamba pa lole, analiza hutala, napitirira, poti pachigongono saimapo.

"Makinawa anasiya tiyi masiku ano," anatero aneba, akubwezera lole mumsewu.

A Halo anati nawonso amva choncho. Akazi awo anawauza kuti agwire dengu ndi manja onse awiri, nkhuku ina yatulutsa mutu.